Nsapato Zofiirira za ku Kabulonga

Pafupi ndi msika wa Kabwata, pakati pa tebulo la odula makiyi ndi mulu wa matumba a makala, panali khumbi la malata lomwe munthu wamtali sakanatha kuimiriramo. Ba Abdulkadiri, osoka nsapato, anakhala mmenemo zaka khumi ndi zinayi. Anthu ankangowatchula kuti ba Abudu. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, ndevu zoyera zometedwa bwino, ndi kachipewa koluka komwe ankakachapa Lachinayi lililonse.

Ntchito inali itachepa. Nsapato za salaula, zovalidwa kale zochokera kunja, zinachuluka moti munthu zikamuthera ankangozitaya n'kugula zina. Choncho masana ambiri ankatha ndi masewera omwe anayambitsa ba Fabian, odula makiyi aja. Ankatola nsapato pa mulu wa zodikira kukonzedwa, n'kuitembenuza pamaso pa ba Abudu.

"Shani, ba Shehe. Manje uyu ni ndani?"

Ba Abudu ankasisita soli ndi chala chachikulu.

"Woyendetsa minibasi. Yakumanzere yadyeka pakati, popondera kilatchi. Ndipo ndi waukali, amaponda ngati akupha njoka."

"Nanga uyu?"

"Mayi wobereka mwana kumsana. Mwanayo wakula, akuyenera kumayenda yekha. Onani mmene kwathera kutsogolo kuno."

"Awe, imwe aChawa muli na mankhwala," ankatero ba Fabian akuseka. "Muntu angazibe bwanji vonse ivi pa labala chabe?"

"Mankhwala anji osiya mwini wake m'khumbi lodontha?"

Sanali mankhwala. Munthu akamayenda amalemba pansi pa nsapato yake mmene thupi lake limagwera pa nthaka, ndipo salemba bodza chifukwa sadziwa kuti akulemba. Ba Abudu ankangowerenga.

Luso limeneli analiyamba ku fakitale ya nsapato komwe analowa ali mnyamata, bambo awo, telala wochokera ku Machinga, atawapemphera malo. Anagwira kumeneko mpaka tsiku lomwe anapeza pa geti pali loko watsopano. Kenaka anatsegula shopu ku Northmead ndi mnzawo Latif. Tsiku lina anapeza Latif akukweza makina osokera m'galimoto, akuti akupita nawo kokakonzetsa. Ba Abudu ankadziwa kuti makinawo analibe vuto, popeza dzulo lake anali atasokera okha. Anathandiza kunyamula. Latif ndi makinawo akuti ali ku Joni mpaka lero. Patapita zaka, wamalonda wina wamkulu anawapatsa ntchito yosoka nsapato za ana asukulu, n'kubweretsa yekha chikopa. Ba Abudu atachipinda anamva kuti chinali chouma ngati katoni. Anayang'ana suti ya munthuyo, nati, "Chabwino, bwana." Mvula yoyamba itagwa nsapatozo zinang'ambika, ndipo dzina lomwe makolo ankatukwana linali la ba Abudu. Kuchoka apo anakhala m'mbali mwa msewu pafupi ndi msika wa Soweto, mumzinda momwemo, mpaka ogulitsa m'misewu atathamangitsidwa. Kenaka Kabwata.

Anthu ankati ndi atsoka. Akazi awo, ba Kuluthumu, ankalidziwa tsokalo ndi dzina lina. "Inu mumaona zonse," ankatero, "koma pakamwa mumangodyerapo."

Mwana wawo Hadiya ankagwira ntchito pa kachipatala ka mafupa ku Woodlands, kuphunzitsa anthu ovulala kuyendanso. Anali atapeza nyumba ku Chelstone yokhala ndi chipinda chopanda munthu, ndipo iye ndi mayi ake anali atagwirizana kale kuti makolowo asamukire kumeneko. Kumayambiriro kwa Seputembala anabwera kukhumbi kuja, nakhala pa kampando ka makasitomala, chikwama atachifungata kuopa guluu.

"Ababa, zakwana. Maso akuvuta, msana ukuvuta. Kutha kwa mwezi uno mutseke. Mukapume."

"Ndipume? Ndatopa ndi chiyani? Sindinayambe n'komwe."

"Zaka makumi anayi simunayambe?"

"Ndakhala ndikumata zomwe anasoka ena."

Hadiya ankadziwa chomwe bambo ake ankatanthauza. Kalekale anasokera nsapato munthu wina wa ku mzikiti yemwe mwendo wake unapuwala ali mwana, ndipo munthuyo anayenda nazo zaka zisanu ndi ziwiri popanda ndodo. Kuyambira pamenepo ba Abudu ankafuna ntchito imeneyo basi, yosokera anthu omwe miyendo yawo sigwirizana. Koma anthu otere akakhala ndi ndalama amaitanitsa nsapato kunja, ndipo akakhala alibe amangotsimphina.

"Undipezere wodwala mmodzi kwanuko," anatero ba Abudu. "Mmodzi yekha. Akayenda, adokotala ako azinditumizira ena. Akakanika, kiyi wa khumbi lino ndipereka kwa ba Fabian ndi dzanja langa, ndipo ku Chelstone ndipita osadandaula."

Hadiya anavomera, mwina chifukwa ankaganiza kuti imeneyo ndiyo njira yaifupi yopitira ku Chelstone.

Wodwala yemwe Dokotala Mainza, mkulu wa kachipatalako, analola kuti ayesedwe anali ba Mulubwa a ku Kabulonga, woweruza milandu wopuma pantchito. Ngozi ya galimoto inawasiya ndi mwendo wamanzere waufupi ndi chiuno chouma. Kwa zaka zitatu anayesa nsapato zitatu zochokera kunja, zonse zosokedwa motsatira pepala la dokotala, ndipo zonse zinathera m'kabati. Ankayenda ndi ndodo ziwiri. Dokotala Mainza analola chifukwa panalibenso china choti ayese.

Tsiku loyeza, ba Abudu anavala mkanjo wawo wa Lachisanu ngakhale linali Lolemba. Anagwada pa matailosi, naika phazi lililonse la ba Mulubwa pa katoni, nalizunguliza ndi pensulo. Ba Mulubwa anali atabwera ndi imodzi mwa nsapato za kunja zija, zonyezimira, zosadyeka n'komwe. Akazi awo, ba Nelly, anaima pambali, magalasi ali pamphumi.

"Amayi," anatero ba Abudu osadzutsa mutu, "ndikupempha nsapato zakale za abwana. Zomwe amavala kwambiri chichitikire ngozi."

"Zakale? Zachani?"

"Pepala limandiuza kutalika kwa fupa. Nsapato yakale imandiuza mmene munthu amapondera."

Ba Nelly anayang'ana amuna awo. Ba Mulubwa anali kuyang'ana pazenera.

"Nizatumiza," anatero ba Nelly.

Mawa lake Hadiya anabweretsa bokosi. Munali nsapato zofiirira za chikopa chabwino, zotha ndithu, koma zopakidwa polishi mpaka kuwala. Ba Abudu anazitembenuza. Chala chawo chinayenda kuchoka kuchidendene, chitafika pakati pa soli chinaima. Panali timaenje ting'onoting'ono, mizere iwiri yopingasa, pa nsapato zonse ziwiri. Ankawadziwa mano amenewo. Anali a pedulo ya njinga.

Anakhala kanthawi chala chili pomwepo. Kenaka anakumbukira kuti ku chipatala kuja anaona njinga yopanda matayala yomwe odwala amapalasa ali malo amodzi. "Ndi imeneyo," anadziyankha. Yankholo linali labwino chifukwa silinkafuna kuti munthu abwerere kwa mkazi wa woweruza milandu kukafunsa kachiwiri.

Anagwira masiku khumi. Anasema zikombole ziwiri za mtengo motsatira katoni ija. Soli yakumanzere anaikweza masentimita atatu monga pepala linanenera, ndipo kupendekeka kwake anatengera kudyeka kwa nsapato zofiirira zija. Ulusi unkawavuta kulowetsa pa singano, ndiye ankaitana ba Fabian, omwe ankalowetsa uku akunyoza.

"Ba Shehe, mwayamba kusokela ma bwana, musatiibale ise ba makiyi."

Nsapatozo zinatuluka zokongola. Ngakhale Hadiya atazigwira anangoti, "Ababa," osawonjezera kanthu.

Anaziyesa Lachinayi mmawa, m'chipinda chokhala ndi zitsulo ziwiri zogwirira. Ba Mulubwa anaimirira, nasiya ndodo. Anaponda koyamba, kachiwiri. Poponda kachitatu phazi lamanzere linagudukira kunja, nkhope yawo inakwinyika. Pachinayi anagwa ndi chifuwa pa chitsulo, Hadiya nawagwira m'khwapa. M'chipindamo munamveka kupuma kwawo kokha.

"Ninakamba ine," anatero ba Nelly motsitsa mawu. "Vintu va pa msika."

Dokotala Mainza anavula nsapatozo yekha, nazipereka kwa ba Abudu ndi manja awiri. "Mwayesetsa, atate. Kusoka kwanu n'kwabwino kwambiri." Anali mawu aulemu omwe amanenedwa potseka chitseko. Hadiya anali kuyang'ana matailosi.

Ba Abudu anakwera minibasi, thumba lili pamiyendo. Atafika kukhumbi anayamba kulongedza. Nyundo, mipeni, zingwe za ulusi, anaziika m'chitini cha bisiketi. Mwezi unali utatsala ndi masiku khumi ndi limodzi, koma sanaone chifukwa chowadikirira. Ba Fabian anaima pakhomo, osadziwa ponyozera. Kenaka, pofuna kungothetsa chete, anatola nsapato pa mulu, naitembenuza monga mwa masiku onse. Polishi anali atakwiririka ndi fumbi la mphepo ya Seputembala, ndipo ba Abudu anangoona soli, manja ali m'chitini.

"Komaliza, ba Shehe. Uyu ni ndani?"

"Wopalasa njinga," anayankha ba Abudu motopa. "Amachokera kutali, tsiku lililonse. Kumanja mkati kwada ndi mafuta a tcheni. Miyendo yake ndi yofanana, yamphamvu. Palibe chomuvuta munthu ameneyo."

Anamva mawu awo omwe. Anatulutsa manja m'chitini pang'onopang'ono. Nsapato yomwe ba Fabian ananyamula inali yofiirira.

Anaimbira foni Hadiya.

"Njinga ija ya kwanuko, yopanda matayala. Abwana aja amapalasa?"

"Ba Mulubwa? Ayi. Chiuno chawo sichipinda. Sanaikwerepo n'kamodzi komwe. Ababa, chonde, zatha. Musadzivutitse."

"Ndinaona," anatero ba Abudu. "Tsiku loyamba lomwe ndinaona."

"Munaona chiyani?"

Iwo anali atadula kale. Anakulunga nsapato zofiirirazo m'pepala, nafunsa ba Fabian minibasi yopita ku Kabulonga.

"Mufuna kuyenda kwa ba jaji? Bazakumangani imwe!"

"Anapuma pantchito."

"Agalu bao sibanapume."

Anatsika pa sitolo, nayenda pansi m'misewu ya mipanda italiitali, maluwa a jakaranda akuphwanyika pansi pa mapazi awo. Nambala ya nyumba anali ataiona pa pepala la dokotala. Kawiri konse anatembenuka kuti abwerere. Kachitatu anapezeka ali pa geti, ndipo anagogoda asanaganize.

Anatsegula bambo wina wa imvi pang'ono, mpaipi wothirira maluwa uli m'manja. Kuseri kwake, pa khoma, panatsamira njinga yakuda yokhala ndi mapedulo achitsulo a mano. Bamboyo anali atavala majombo a labala, dzuwa la Seputembala likuswa mutu.

"Muli bwanji, bambo. Ndine wosoka nsapato. Dzina lanu?"

"Chibesa. Ndine wa m'galadeni."

"Ba Chibesa, majombo m'dzuwa lino?"

Bamboyo anaseka mwamanyazi. "Nsapato zanga ba madamu banabweleka. Banali banipasa kudala, pamene ba bwana banachita ngozi. Manje bakuti bazabweza. Mapazi yapya, mudala."

Ba Abudu anafunyulula pepala. "Izi?"

"Izo zamene!"

Ba Nelly anawalandirira pa khonde, osawauza kuti akhale. Ba Abudu anavula nsapato zawo pa sitepe monga amachitira pa nyumba iliyonse, naima ndi masokosi pa simenti yofiira. Mawu omwe anabwera okha, omwe anawanena kwa anthu a masuti moyo wawo wonse, anali akuti, chabwino, amayi, pepani posokoneza. Anawameza.

"Amayi, nsapato zomwe munatumiza si zomwe abwana amavala."

"Ni zao. Ninagula neka."

"Munagula ndinu, ndikuvomera. Koma wayendamo zaka zitatuzi ndi ba Chibesa. Ine ndasoka nsapato za munthu wopalasa njinga, n'kuzipatsa munthu wovulala chiuno. N'chifukwa chake anagwa. Kulakwa ndi kwanga, chifukwa ndinaona ndipo sindinafunse. Lero ndabwera kudzafunsa."

Ba Nelly anatsitsa magalasi kuchoka pamphumi, nawapinda, nawafunyululanso. Atayankhula, mawu awo sanali aukali.

"Bamuna banga banaweluza milandu zaka makumi atatu. Bakangena m'koti, bantu bonse benzo imilila. Manje imwe mufuna nitenge vamene bavala masiku yano, niike mu pulasitiki, nitumize ku msika? Kuti bantu bazipasana m'manja, baziseka?"

Ba Abudu anakumbukira ba Fabian akutembenuza nsapato za anthu pakhomo la khumbi, ndi iwo eni akuyankha mokweza kuti odutsa amve. Anachita manyazi.

"Mwanena zoona, amayi. Kumsika timaseka. Musazitumize. Ndizionere pompano, inu muli pomwepo, ndipo sizituluka pa geti."

"Sizioneka bwino."

"Zooneka bwino zili m'kabati, ndipo sizinawayendetse."

Mkati mwa nyumba munamveka ndodo ziwiri zikugunda pansi, ndi phazi likukhwekhwerezeka. Ba Mulubwa anatulukira pa chitseko. Anali atamva zonse.

"Nelly, mulekeni aone."

"Bashi Evan..." anayamba ba Nelly, akuwatchula amuna awo ndi dzina la mwana wawo.

"Mulekeni. Nalema."

Anakhala pa mpando wa nsungwi, natambasula miyendo. Kumapazi kunali matenesi a nsalu omwe kale anali oyera. Kumbuyo kwake kunali kopondedwa mpaka kuphwatalala. Yakumanzere inali yong'ambidwa dala m'mbali ndi lumo, n'kumangidwa ndi chingwe cha labala wa chubu. Ba Nelly anatembenukira ku maluwa.

Ba Abudu anagwada, nati bisimila chamumtima, namasula labala uja. Mkati mwa tenesiyo munali mulu wa zidutswa za katoni zolimba, zodulidwa mofanana ndi phazi, zomatirirana ndi thukuta. Zina zinali ndi zilembo zagolide.

"Vikuto va mabuku yanga ya malamulo," anatero ba Mulubwa. "Nenzo ikapo chimozi, nayenda mpaka ku bafa. Chikababa, nachosa, nadula, nayesa futi. Zaka zitatu. Ni mwamene nimayendela m'nyumba muno. Dokotala saziba."

Ba Abudu anatulutsa muluwo mosamala ngati mazira, nauika pa dzanja, nauyang'ana cham'mbali. Sunali wofanana. Kuchidendene unali wokwera, koma osafika pa masentimita atatu a pepala lija. Kunja kwa phazi kunali zidutswa zinayi zowonjezera, zodulidwa theka, zomwe zinkaletsa phazi kugudukira komwe linagudukira mmawa uja. Pansi pa chala chachikulu panali pobooledwa. Dokotala anayeza fupa munthu atagona pa bedi. Katoniyi inayeza munthu ataimirira, akupita ku bafa, kwa zaka zitatu.

"Abwana," anatero ba Abudu, "nsapato yanu munaisoka kale nokha. Ine ndingoiveka chikopa."

Ba Mulubwa anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu yemwe anaiwala kasekedwe kake. "Mwamvela, Nelly? Nili na ntchito ina."

Ba Abudu anakhala pa khondepo mpaka dzuwa litapendeka. Anajambula chidutswa chilichonse pa pepala, nalemba malo ake, nayeza kukhuthala kwake ndi kachitsulo kawo koyezera. Atamaliza anabwezera zonse mmene zinalili, namanganso labala. Nthawi ina ba Nelly anatuluka ndi tiyi, namuika pa sitepe pafupi ndi nsapato za ba Abudu. Anaziyang'ana nsapatozo kanthawi. Zinali zomatidwa kanayi.

Madzulo amenewo ba Kuluthumu anamva nkhani yonse akusankha nyemba. Anafunsa funso limodzi.

"Munawauza pamaso kuti ananama?"

"Ndinawauza kuti ndinaona."

Ba Kuluthumu anasiya nyemba, nawayang'ana amuna awo nthawi yaitali.

Nsapato zachiwiri zinatenga masiku asanu ndi anayi. Ba Abudu anagwiritsa ntchito chikopa chomwecho cha pamwamba, nasema soli yatsopano, akuyerekeza ndi mapepala aja pa chilichonse. Sizinakongole ngati zoyamba. Yakumanzere inkaoneka yopendekeka, ngati yasokedwa ndi munthu woledzera, ndipo ba Fabian sanalephere kunena zimenezo.

Hadiya anakana kupempha Dokotala Mainza kachiwiri. "Ababa, munthu anagwa m'manja mwanga. Ntchito yanga ndi yomweyi." Ba Abudu sanamukakamize. Anapita okha ku Kabulonga.

Ba Mulubwa anavala ali pa mpando wa nsungwi uja. Anaimirira ndi ndodo zonse ziwiri, naponda pomwepo kangapo, akumvetsera phazi lawo. Anapereka ndodo imodzi kwa ba Nelly. Anatsika sitepe. Anayenda pa njira ya miyala, ndodo yotsalayo ikugunda pansi, kenaka ikugunda mwa apo ndi apo, kenaka ili m'mwamba. Ankatsimphina ndithu, chiuno chouma sichichira ndi nsapato. Koma anafika pa geti, naligwira, natembenuka, nabwerera. Ba Chibesa anali ataima ndi mpaipi, madzi akusefukira pa udzu. Ba Nelly anakhala pa mpando wa amuna awo, ndodo ili pamiyendo, dzanja lili pakamwa.

Palibe anaomba m'manja. Ba Mulubwa atafika pa khonde anapukuta thukuta, nati, "Geti iyi sininaigwile zaka zitatu. Ifunika penti."

Lolemba lotsatira linali tsiku lawo lokaonedwa ku Woodlands. Hadiya anali kukonza zitsulo zogwirira pamene anamva anamwino atasiya kuyankhula. Anasuzumira m'khonde. Ba Mulubwa ankabwera okha, ndodo ili m'khwapa ngati nyuzipepala. Dokotala Mainza anawayendetsa uku ndi uku katatu, nagwada, navula nsapato yakumanzere, naiyang'ana cham'mbali nthawi yaitali.

"Sizigwirizana ndi pepala langa," anatero.

"Zigwilizana na ine," anayankha ba Mulubwa.

Masana a tsiku lomwelo, lomaliza la mwezi, Hadiya anafika kukhumbi. Anapeza bambo ake atakhala pakati pa zitini zolongedza theka, kiyi ali pa tebulo. Anakhala pa kampando kaja, ndipo ulendo uno chikwama anachiika pansi.

"Adokotala akuti mubwere Lachitatu. Pali odwala atatu. Akuti kuseri kuli chipinda chosungiramo mipando yothyoka, achotsamo, muzigwirira mmenemo masiku awiri pa sabata. Akufunsa ngati pali chomwe mukufuna."

Ba Abudu anayang'ana manja awo, zala zopindika, zikhadabo zakuda ndi guluu wa zaka makumi anayi. Chinthu chomwe anachidikira kuyambira ali ndi tsitsi lakuda chinafika pamene singano sankaionanso bowo lake. Sanamve chimwemwe chomwe ankayembekezera. Anamva ngati munthu yemwe watula katundu n'kuzindikira pamenepo kulemera kwake.

"Alhamdulillah," anatero potsiriza. "Uwauze zinthu ziwiri. Wodwala aliyense abwere ndi nsapato zomwe amachita nazo manyazi. Ndipo chipindacho chikhale ndi chitseko chotseka."

"Basi?"

"Ndi magalasi a maso. Amenewo undigulire ndiwe."

Hadiya anaseka, kenaka anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ababa, ndinakana kukupemphererani kachiwiri."

"Unachita bwino. Ukanapempha, ndikanakutuma iwe ku Kabulonga."

Ba Abudu anatenga kiyi pa tebulo, namubwezera m'thumba la mkanjo.

Ba Fabian, omwe anamva zonse kudzera m'malata, analowetsa mutu. "So Chelstone yaluza? Ba dokota Shehe! Manje tiseweleko kamozi, musanakweze mitengo." Anatola nsapato ya mayi wina pa mulu, naitembenuza.

Ba Abudu anailandira, naiyang'ana, chala chikuyenda chokha pa soli. Anaona zonse zomwe zinalembedwapo. Anaibwezera pa mulu, soli ili pansi.

"Mwini wake akabwera ndimuuza yekha," anatero.

"Awe, mwayamba kale kuzimva!"

Ba Abudu anatulutsa nyundo m'chitini cha bisiketi, nakoka nsapato zofiirira zija. Anali atalonjeza ba Chibesa kuti azibweza Loweruka. Anadula kachidutswa ka labala wolimba wa tayala, nakayeza pakati pa soli, pomwe mano a pedulo amaluma.